Kudikira Malemu kwa Mphindi Imodzi ndi Theka

Ngati mukuwerenga nkhani ino pa foni ya Android, dziwani kuti m'thumba mwanu mumayenda ndi Linux. Simunaisankhe, ndipo mwina dzina lake simunalimvepo. Ili cabe mmenemo ngati injini ya minibasi, imene palibe amaiganizira kufikira tsiku limene yafera pa Kafue Roundabout anthu akuweruka ku nchito. Ine ndimaphunzitsa Computer Studies pa sukulu ina ya m'komboni muno mu Lusaka, ndipo ana akangoyamba phunziroli ndimawafunsa kuti: mukadina batani loyatsira, n'ciani cimayamba kudzuka? Ambiri amati sikirini. Ocenjera amati batire.

Pakatikati pa Linux pali mtima wake, umene amauchula kuti kernel. Mtimawo ukangokhazikika umayambitsa pulogalamu imodzi yokha basi, n'kuipatsa nambala 1. Dzina lake lakale ndi init. Zina zonse zimene zimayenda mu kompyuta, kaya za netiweki, za nthawi, za mau, ngakhale kabokosi kamene mumalembamo pasiwedi, ndi ana ndi adzukulu a nambala 1 ameneyu. Pulogalamu ina ikafa n'kusiya ana, amene amatola ana amasiyewo ndi iye. Wamasiye akafa, iye ndiye amaika maliro kuti dzina lifufutidwe m'kaundula. Iye mwini akafa, makina onse amaima pomwepo. Ife a kum'mawa sitivutika kumvetsa zimenezi. Ameneyu ndi mwini mbumba.

Tsopano mungakhulupirire kuti anthu akuluakulu, a madigiri ao, ena a imvi, akhala akutukwanizana kwa zaka zoposa khumi pa nkhani ya amene ayenera kukhala nambala 1? Ena anatula maudindo. Ena anacoka n'kukayambitsa gulu lao. Mnzanga wina wa ku Matero amene amakonza mafoni m'tauni amati imeneyo ndi ndeu ya anthu okhuta. Ine ndeuyo ndinaionera pansi pa mtengo wa mango ku Mambwe, m'caka ca njala, ndipo tonse amene tinalipo tinali tisanadye.

Munali mu Ogasiti 2024, pa chuthi. Caka cimeneco mukucikumbukira. Mvula inakana, pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo kuno malaiti anali kubwera pakati pa usiku ngati mfiti, tonse n'kudzuka kukasita ndi kuchaja mafoni. Mlongo wanga anakwatiwa ku cigwa. Amuna ake, alamu anga, amaphunzitsa pa sekondale ina ya oyendera kufupi ndi Mfuwe. Kuti ukafike kumeneko umakwera basi pa Inter-City m'bandakuca, n'kuyenda Great East Road yonse, kuoloka mlatho wa Luangwa, kudutsa Nyimba ndi Katete mpaka Chipata. Kucokera pamenepo umayamba kutsika. Kamphepo kozizira ka ku Chipata kamatsalira m'mapiri, ndipo pofika pa Jumbe, pamene pali boma la Mambwe, juzi imakhala ili m'cikwama. Ndi dziko la Akunda, la mafumu 6: Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Msoro ndi Malama. Kutsidya kwa mtsinje ndi South Luangwa National Park, kumene alendo amalipira madola kuti aone njovu zimene zimadya cimanga ca mlongo wanga ulere.

Alamu ndi mphunzitsi wa masamu. Computer Studies anawapatsa cifukwa a hedi anaona kuti munthu wodziwa masamu sangalephere kompyuta. Zimenezi si za kwao kokha. Phunziroli linalowa mu 2014 monga lokakamiza kwa a Giredi 8 ndi 9, masukulu ambiri alibe makompyuta, alibe malaiti, alibe mphunzitsi. Amene munalemba Giredi 9 mu 2015 mukudziwa bwino: m'masukulu ena ana anali kudikirana pa makompyuta owerengeka mpaka usiku, makolo ataimirira pa geti. Alamu anali ndi mwai kuposa anzao ambiri. Alendo ena amene anabwera kudzaona nyama anakhudzidwa mtima, ndipo atabwerera kwao anatumiza makompyuta akale 12, ma sola ndi mabatire. Amene anadzalumikiza zinthuzi anali wodziwa nchito yake. Makompyuta 11 analibe disiki m'mimba. Anali kudzukira pa waya kucokera ku imodzi yaikulu ya pakona, imene ana anaipatsa dzina loti Amai. Amai anali ndi Ubuntu, ndipo pambali pao panali disiki yapadera ya kawaya ka USB, mmene munali Wikipedia ya Cizungu yowerenga popanda intaneti kudzera mu Kiwix, ndi mavidiyo a masamu.

Disiki imeneyo inafa ca mu Epulo. Kutentha, fumbi, ukalamba, kaya. Eni mphatso anatumiza ina yatsopano, zonse zili momwemo, pa galimoto ya ku loji. Alamu anailumikiza, anadina batani, ndipo Amai anakana kudzuka. Amai akagona ana onse 11 amagona. Temu yonse yaciwiri cipinda cinali cokhoma. Ana a Giredi 9, amene mayeso anali kuwadikira kumapeto kwa caka, anali kuphunzira sipuredishiti yojambula pa bolodi ndi coko, ndi kiyibodi yojambula pa katoni ya sopo. Mtsikana wina wocokera kutali, amene masiku ena amafika mocedwa cifukwa codikira njovu zicoke pa njira, anafunsa alamu ngati pa mayeso adzamulola kubweretsa katoni yake.

Nditayatsa, sikirini inathamanga ndi mizere ya OK wobiriwira, OK, OK, OK, kenako inaima. Tinyenyezi tofiira tinayamba kuyendayenda kumanzere, ndipo mzere umodzi unali kunena m'Cizungu kuti A start job is running, pambali pake nthawi ikuwerengedwa kulinga ku 1min 30s. Aliyense amene anagwirapo Linux ya masiku ano amaudziwa mzere umenewu monga mmene inu mumadziwira kulira kwa mita mayunitsi akatsala pang'ono kutha. Masekondi 90 atakwana panabwera mau akuti emergency mode, ndipo zinathera pamenepo.

"Apa ndiye pamene timafika, alamu," anatero. "Tsiku lililonse."

Mu Linux muli kafailo kochedwa fstab. Ndi mndandanda wa madisiki amene makina ayenera kuwapeza podzuka, ndipo kawirikawiri disiki iliyonse imalembedwa ndi nambala yake yaitali yosafanana ndi ina, ngati ya pa NRC. Disiki yatsopano inali ndi katundu yense wa yakale, koma NRC yake inali ina. Amai sanali kudwala. Anali kudikira malemu. Nambala 1 wa mu Ubuntu wa lero, amene dzina lake ndi systemd, anauzidwa kuti disiki yakutiyakuti iyenera kukhalapo, ndipo lamulo lake ndi lakuti ikasowa adikire masekondi 90, ikapanda kubwera aimitse zonse n'kuitana mwini wake. Ndinasintha nambala ija n'kuonjezera liu limodzi la zilembo 6, nofail, kutanthauza kuti ikasowa iwe pitirira. Tinayatsanso. Makompyuta 11 aja anayamba kuyaka motsatizana mpaka ku khomo. Alamu sanaseke. Anakhala pa desiki la mwana n'kunena kuti, "Miyezi inai."

Pofika masana tinali anai. Kunabwera mdala wina amene ali ndi kashopu ku Cropping, msika wa pafupi ndi geti la paki, umene dzina lake linatsala kucokera m'ma 1960 pamene boma linali kupha njovu ndi mvuu zoculuka n'kukonzera nyama pamenepo. Mdalayu amadziwika ndi kukonza ma inveta ndi mawailesi, ndipo tsikulo anadzaona mabatire a sola. Palibe pa sukulupo amene anali kudziwa kuti unyamata wao anathera ku Copperbelt akuyang'anira makina a Unix pa kampani ina ya boma isanagulitsidwe. Palibe anawafunsapo. Miyezi inai yonseyo anali pa mtunda woyenda ndi njinga. Winayo anali mnyamata woyang'anira intaneti pa loji ina, wa Starlink, amene inafika m'Zambia mu Okutobala 2023. Anali atalonjeza kalekale kuti adzabwera, koma nyengo ya alendo imayamba mu Juni, ndipo bwana wa pa loji samva za Giredi 9 pamene mlendo wa ku Germany akulephera kutumiza cithunzi ca kambuku.

Nditawafotokozera cimene cinavuta, mdala anaomba m'manja kamodzi, mwaukali.

"Systemd! Aphunzitsi, m'masiku athu makina akasowa disiki imene si ya mutu anali kudandaula mzere umodzi n'kupitiriza ulendo. Ngakhale Ubuntu yemweyu kale anali ndi ulemu, anali kukufunsa kuti udikire kapena udine S tidumphe. Lero basi yonse iime cifukwa thumba limodzi la makala latsala pa siteshoni?"

"Ba mdala, imwe mukamba va kudala," anatero mnyamata uja, Cinyanja cake ca ku Chawama cisanasungunuke ndi dzuwa la ku cigwa. "Manje ngati ni bank? Disk ya ndalama yasoba, makina yapitiliza cabe, yayamba kulemba ma account pamalo yolakwika. Mailo muzapeza vonse vasila. Bwino iimilile."

"Kuno ndi ku banki?"

"Makina siyaziba kuti ili ku Mambwe."

"Ndico cimene ndikukamba, mwana wanga."

Tinatuluka panja cifukwa m'cipindamo malata anali atayamba kulira. Zimene anakambirana pansi pa mtengo simungazimve bwino popanda kudziwa kumene ndeuyi inacokera.

Unix inabadwa mu 1969 ku Bell Labs ku America, m'manja mwa Ken Thompson ndi Dennis Ritchie. Anthu a kumeneko anali ndi mwambo wao, umene mnzao Doug McIlroy anaufotokoza: pulogalamu iliyonse icite cinthu cimodzi, icicite bwino, ndipo mapulogalamu azilankhulana ndi mau wamba. Init imene mdala anakulira nayo ndi ya System V, Unix ya mu 1983. Ndi kapulogalamu kakang'ono kosadziwa zambiri. Nchito yeniyeni imacitidwa ndi timakalata ta malamulo, ma script, toikidwa m'foda ndi manambala kutsogolo, S10, S20, mpaka S99. Koyamba kakatha ndiye kaciwiri kayambe, monga mzere wa pa cigayo. Ubwino wake ndi wakuti ungatsegule kalikonse, kuwerenga, kusintha mzere umodzi, osapempha aliyense. Kuipa kwake mumakudziwa amene munaimapo pa cigayo: wa kutsogolo akabwera ndi matumba atatu, nonse mwacedwa. Komanso pulogalamu ikafa masana palibe amaidzutsa. Ndipo makina a masiku ano, amene timasomeka ndi kuzula mafulashi ali ciyakire, sadziwa kuima pa mzere.

Linus Torvalds atalemba Linux mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, mitundu yambiri ya Linux inatengera dongosolo lomweli. Koma madandaulo anali kukula. Apple inapanga yake, launchd, mu 2005. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004 n'kuipatsa dzina limene ife timati umunthu, inabweretsa Upstart mu 2006. Ndiyeno mu 2010 Lennart Poettering ndi Kay Sievers, a ku Germany, anatulutsa systemd. Nzeru yake inali yakuti tileke mzere. Aliyense anene cimene amafuna kuti ayambe, ndipo amene sadalirana adzuke pa nthawi imodzi. Pulogalamu iliyonse pamodzi ndi ana ake itsekeredwe m'khola lake kuti pasakhale wothawa, ndipo ikafa idzutsidwe. Fedora 15 inayamba kuigwiritsa nchito mu 2011. Zikanathera pamenepo mwina sipakanakhala ndeu. Koma systemd inapitiriza kukula. Inatenga nchito yosunga mbiri ya zocitika m'makina, n'kuyamba kuilemba m'njira imene munthu sangawerenge popanda cida cake, journalctl. Inakhala ndi mbali yoyang'anira olowa, ya netiweki, ya nthawi. GNOME, nkhope imene ambiri amaona akayatsa Linux, inayamba kudalira mbali ina ya systemd. Anthu anaona kuti mwini mbumba wasanduka nyakwawa, wasanduka mfumu, ndipo tsopano akufuna ndi unduna.

Nkhondo yaikulu inacitikira ku Debian. Debian, imene Ian Murdock anayambitsa mu 1993, ilibe kampani yoilamulira. Ndi anthu ongodzipereka a m'maiko ambiri, ali ndi malamulo ao olembedwa, ndipo amavota. Ubuntu imamangidwa pa iyo. Mu Febuluwale 2014 komiti yao ya zaumisiri, ya anthu 8, inagawanika pakati, anai ku systemd, anai ku Upstart. Wapampando, Bdale Garbee, anaponya voti yothetsa mlandu, ndipo systemd inapambana. Shuttleworth anavomera kugonja pasanathe masiku ambiri, ndipo Ubuntu 15.04 ya mu Epulo 2015 inatuluka ndi systemd. Ena sanavomere. Mu Okutobala 2014 Poettering analemba kuti anali kulandira ziopsezo, ndipo kuti anthu ena anali kusonkha Bitcoin yolipira munthu woti amuphe. Mu Novembala caka comweco Joey Hess, mmodzi wa akale olemekezeka, anacoka mu Debian, ndipo Colin Watson, Russ Allbery ndi Ian Jackson anatula pansi mipando yao m'komiti ija. Mwezi womwewo gulu lina linalengeza Devuan, Debian wopanda systemd, imene inatuluka yokhwima mu Meyi 2017. Mu Disembala 2019 Debian inavotanso n'kugwirizana kuti systemd ikhale, koma ofuna kuyesa njira zina asatsekeredwe khomo. Lero Slackware, Gentoo, Void, Alpine ndi antiX zikali kuyenda popanda kukakamizidwa systemd. Android imene ili m'manja mwanu ili ndi init yakeyake, siinalowe nao m'ndeuyi.

Alamu anakhala cete nthawi yonseyi, akumwa munkoyo. Mdala ndi mnyamata uja atatopa, iwo anati, "Nkhani yanuyi ndi ya njovu."

Anafotokoza motere. Njovu ikadya munda wako kwa Kakumbi, njovuyo si yako ndipo si ya mfumu. Malamulo amati nyama zakuthengo ndi za boma, ndipo likulu la dipatimenti yoziyang'anira, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016, lili ku Chilanga, tsiku lathunthu pa basi. Panali nthawi ina, kuyambira mu 1996, pansi pa pulojekiti ya LIRDP imene dziko la Norway linali kuthandiza, pamene gawo lalikulu la ndalama za alenje olipira mu Lupande Game Management Area linali kufika m'midzi mwenimweni. Anthu anali kukhala pansi pa mtengo n'kusankha okha kuti tigawane m'manja kapena tikumbe citsime kapena timange kalasi. Pambuyo pake dongosolo linasintha, ndalama zinayambanso kudzera ku likulu. Apongozi a mlongo wanga amakamba za masiku aja monga mmene mdala amakambira za System V. Koma alamu anakumbutsanso kuti m'ma 1970 ndi 1980 opha nyama mozemba anamaliza zipembere zonse m'cigwa cino ndi njovu zambirimbiri, ndipo mudzi wokha ulibe ndege, ulibe mfuti zothamangitsira anthu otere. "Aku likulu si opusa," anatero. "Kungoti lamulo lao silidziwa munda wanga."

Fanizoli lili ndi polekezera. Systemd ndi yaulere, zamkati mwake zili poyera, ndipo ukaida ungaicotse madzulo amodzi. Njovu yesani kuicotsa. Koma linandithandiza kuona cifukwa cake anthu a ku Europe ndi America anafika potukwanizana. Nkhani siinali ya masekondi angati amene makina amatenga podzuka. Inali ya amene amasankha zimene zicitike iwe ukakhala kuti sunasankhe kanthu. Masekondi 90 aja, ndi lamulo loimitsa zonse, anaziika ndi anthu amene m'mutu mwao munali nyumba zozizira zodzaza ma seva, mmene muli injiniya wa usiku amene alamu ikalira amathamanga. Kwa iwo kuima n'kwanzeru, ndipo mnyamata wa pa loji sananame. Ku Mambwe injiniya wa usiku ndi mphunzitsi wa masamu amene ali ndi ana 70 m'kalasi, ndipo kuima kumeneko kunadya temu yonse.

Ngakhale n'tero, mdala atati tifufute zonse tiike Devuan, ndinakana. Mtima wanga uli kwa mdala, koma ine pa Sabata ndinali kubwerera ku Lusaka, ndipo wotsala ndi makinawo ndi alamu. Mdala amati script aliyense angawerenge. Aliyense uti? Script yoyambitsira pulogalamu imodzi pa dongosolo lakale imatha kupitirira mizere 100 ya cinenero ca shell, codzaza ndi zizindikiro za dola ndi timichira. Kuiwerenga kumafuna zaka zimene mdala anathera ku Copperbelt. Ya systemd imene ndinalemba kuti Kiwix iziyamba yokha inali mizere yosakwana 15, ndipo alamu anaiwerenga mokweza n'kuimva: yamba netiweki ikakonzeka, yendetsa ici, cikafa cidzutsenso. Mzere womalizawo ndi wofunika kwambiri kumalo kumene mabatire amafooka dzuwa likangopendeka. Cinanso n'cakuti alamu akalemba pa foni mau amene aona pa sikirini, mayankho ambiri amene angapeze ndi a Ubuntu ndi systemd. Kukhala m'gulu la oculuka kuli ndi phindu lake ukakhala kutali ndi thandizo. Sindikondwera nazo, cifukwa ndi mmene wamkulu amakulirabe, koma ana a Giredi 9 sindikanawaika pa ciyeso ca mfundo zanga.

Pa nkhani ya mbiri ya zocitika, mdala ndinawavomera popanda kukangana. Kumene magetsi amazima mwadzidzidzi, failo ya mau wamba ikaduka pakati umawerengabe zotsalazo pa kompyuta iliyonse, ngakhale ya Windows ya mu ofesi ya a hedi. Ya journald imafuna cida cake. Tinasiya rsyslog ikulemba kope la mau wamba pambali, ndipo ndinaonetsa alamu pamene limakhala.

Ndinawasimbiranso za xz, pofuna kuona amene akondwe. Mu Malichi 2024 Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, anaona kuti kulowa m'makina ake kudzera pa ssh kukucedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza anapeza kuti munthu wodzichula Jia Tan, amene kwa zaka pafupifupi ziwiri anadzionetsa ngati wothandiza wokhulupirika, anabisa khomo lakuseri m'kapulogalamu kopanikizira mafailo kochedwa xz. Khomolo linali kufika ku ssh cifukwa Debian, Fedora ndi ena analumikiza ssh ku laibulale ya systemd, ndipo laibulaleyo inali kukoka xz. Zinagwidwa zisanafalikire. Mdala anaimirira n'kuvina pang'ono: mwaona, mukamanga zonse pa cingwe cimodzi! Mnyamata uja anati wolakwa si systemd, ndi amene analumikiza, ndipo wakuba akatsekeredwa khomo amalowera pa windo. Onse awiri anakondwa. Ine cimene cimandikhalabe m'mutu pa nkhaniyo n'cakuti xz, imene ili pafupifupi m'makina onse a Linux pa dziko lapansi, inali kusamalidwa ndi munthu mmodzi wa ku Finland, wosalipidwa, amene anali atanena poyera kuti watopa. Jia Tan analowera pa kutopa kumeneko. Ndinayang'ana alamu, amene anali kusinza atatsamira mtengo.

Tisanabalalike mdala anapeza m'kabati malaputopu awiri akale kwambiri amene Ubuntu wa lero sangayende nao, ndipo anapempha kuti awatenge. Anabwera nao Lacisanu ali ndi antiX, imene inapangidwira makina okalamba ndipo ilibe systemd. Anayaka msanga ndithu, ndipo mdala anaonetsetsa kuti mnyamata wa pa loji wamva. A hedi, amene anadabwa kumva kuti wokonza ma inveta amadziwa zonsezi, analemba nambala yao ya foni pa khoma la cipinda ca makompyuta. Pansi pa nambalayo tinamata pepala lolembedwa ndi dzanja m'Cinyanja: ukaona tinyenyezi tofiira, werenga dzina limene lili pa mzerewo, ukaona emergency mode, usazime, lemba journalctl -xb, jambula ndi foni. Mtsikana wa katoni uja, amene anabwera pa chuthi atamva kuti Amai adzuka, anakopera pepala lonselo kumapeto kwa kope lake la masamu, ngakhale kuti za init pa mayeso sizibwera.

Mu Okutobala, mwezi umene m'cigwa ngakhale abuluzi amafuna mthunzi, alamu anandiimbira foni. Amai anali kudzuka bwino, koma m'mawa uliwonse anali kunena tsiku lolakwika, ndipo mafailo a ana anali kusokonekera madeti. Limenelo si vuto la systemd kapena la System V. Ndi kabatire kakang'ono kooneka ngati ndalama yacitsulo, CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazima. Mdala anali ataona kale vutolo, koma m'shopu mwao tinali titatha. Ndinagula tinai mu Cairo Road, ndinatikulunga mu envulopu, n'kupatsa kondakitala wa basi ya ku Mfuwe. Tsiku lotsatira madzulo kunabwera uthenga wa alamu wakuti talandira. Pansi pake anaonjezera kuti mdala akuti ndiuze mnyamata uja, ngati ndili ndi nambala yake, kuti antiX ikali kuyaka.